Mphutsi mmango: anzathu a ku Mozambique ndi Tanzania akupanga bwanji, nanga ife kuno ku Salima?

Abale nkhani ya mango owola mkati ija tisamangoti ndi mvula kapena dzuwa. Bango looneka bwinobwino kunja, kalisere kapena boloma, ukalisenda wapeza mphutsi zoyera zikuyenda, pakhungu pali kadontho kakuda basi. Imeneyo ndi ntchentche ya zipatso yochokera ku Asia, inaoneka koyamba ku Kenya mu 2003 kenako nkufalikira mmaiko ambiri muno mu Africa. Yaikazi imabaya khungu nkuikira mazira, mphutsi zimadya mkati bango nkugwa lisanakwane nthawi, kenako zimatuluka nkulowa mdothi pansi pa mtengo pomwepo, pakapita masabata awiri kapena kuchepera zatuluka ntchentche zatsopano. Ndipo si mango okha, magwafa, malalanje, masawu akuthengo omwe imalowamo.

Ku Mozambique anaipeza mu 2007 ku Cuamba, chigawo cha Niassa, pafupi pomwepa ukadutsa boda ya Chiponde. Iwo anaitenga ngati nkhani ya boma chifukwa South Africa inawatsekera zipatso, ngakhale nthochi zimene, ndiye boma la Mozambique linaletsa kunyamula zipatso kuchoka kumpoto kupita kummwera, nkutchera misampha yoti azidziwa pomwe yafika. Njira imeneyo imateteza minda ikuluikulu yogulitsa kunja, koma mayi wa mitengo itatu kuseri kwa nyumba simuthandiza kwenikweni, ndipo kuno sindikuona ikugwira. Ndani angaimitse mabasiketi onse a mavenda pa Kamuzu Road mu Disembala, ma lole opita ku Lilongwe, ana ogulitsa mmbali mwa M5?

Ya ku Tanzania ndi yomwe inandigwira mtima ine. Kumeneko kuli alimi a mango ndi a kashu amene amasunga dala nyerere zofiira zija zomata masamba nkupanga chisa mumtengo, zoluma ukamakwera. Akatswiri a ku Sokoine University ku Morogoro anazifufuza kwambiri. Nyererezi zimalondera mtengo wonse, zimagwira tizilombo, ntchentche imaopa kutera poti zadutsa, mpaka anthu amamanga chingwe kuchoka mtengo uwu kufika winawo kuti ziziwoloka. Ife kuno tikaziona timathamangira udzu ndi machesi kuti ana akwere bwino. Zimandipweteka zedi, tikuotcha mlonda wosafuna malipiro.

Ndiye pali zopopera. Munthu wagula botolo pamsika losalemba nkomwe, kapena otsala a thonje, wathira mu sipuleya wapopera mtengo wonse uli pamaluwa. Mphutsi ili mkati mwa bango mankhwala sayifika, koma njuchi zomwe zimabereketsa mtengowo zafa, nyerere zafa, abilimankhwe ndi abuluzi omwe amadya tizilombo nawo adya poizoni, mbalame zikusowa chodyetsa ana, nkhuku zikutola zakufazo pansi. Mvula ikagwa zonsezo zikutsikira kunyanja komwe timadalira usipa ndi chambo.

Komanso si kuti ife sitinazionepo izi. Akuluakulu a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay akukumbuka kodikodi, kachilombo koononga chinangwa, mzaka za mma 1980, chinangwa chinapinimbira kondowole nkusowa. Chomwe chinamugonjetsa ndi kamavu kakang'ono kochokera ku South America komwe anakamwaza mminda. Kwa ntchentcheyi nako kulipo kamavu kotere, bungwe la icipe la ku Nairobi linakamwaza ku Kenya, Tanzania ndi Mozambique, koma tikamangopopera chisawawa nako timakapha.

Chimene ndikupempha ine nchophweka ngakhale chimafuna mudzi wonse: mango akugwa tisawasiye pansi. Kutola tsiku ndi tsiku, kumanga mjumbo yakuda yosabooka nkuiika padzuwa la kuno masiku angapo mphutsi zimapsa, kapena kukwirira mdzenje lakuya ndithu osati kungofotsera. Misampha ya botolo la pulasitiki yokhala ndi mankhwala okopa zamphongo, methyl eugenol, nayo imathandiza, funsani alangizi. Vuto ndi loti ntchentche imauluka, iwe utola wako aneba osatola ndiye mwangotaya nthawi. Amfumu athu amakwanitsa kuitanitsa anthu kukalambula msewu ndi kumanda, bwanji osaika tsiku lotola mango kuyambira Novembala mpaka nyengo itatha? Ku Khombedza kapena ku Chipoka mudzi umodzi utayamba, ena aona okha pogulitsa.