Ku Zambia amaseka, ku Mozambique amakuwa, ife timaphiphiritsa

Kuchoka mu Lilongwe muno kupita ku Chipata ndi ulendo woti ukhoza kupita m'mawa n'kubwerako dzuwa likadalipo. Ku Angonia ndiye osanena, pa Lizulu ukangodumpha msewu wafika kale. Anthu ake ndi ife tomwe: chiyankhulo timamvana, mu Ogasiti timakumana ku Mkaika pa Kulamba, ndipo UNESCO itazindikira gule wamkulu mu 2005 inatchula maiko atatu onsewa limodzi. Koma woimba akafuna kuuza boma kuti lalakwa, aliyense ali ndi kayankhulidwe kake.

Kwathu kuno tinaphunzira kubisa mawu, ndipo anatiphunzitsa ndi mantha. Nthawi ya Kamuzu nyimbo inali katundu wa boma; amayi ankavina pa bwalo la ndege atavala nkhope ya Ngwazi, ndipo lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu yoona sewero, buku kapena nyimbo isanafike kwa anthu. Jack Mapanje anabisa zake m'ndakatulo za abilimankhwe zomwe zinasindikizidwa ku London mu 1981. Sizinamupulumutse. Anamugwira mu 1987 n'kukamutsekera ku Mikuyu popanda kuzenga mlandu mpaka 1991. Ngakhale zipani zitachuluka, Evison Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, atalemba makalata odzudzula utsogoleri wa nthawiyo. Woimba aliyense wa ku Chileka kapena ku Kawale amaidziwa nkhaniyi, sachita kuuzidwa.

Ndiye nyimbo yathu yodzudzula imakamba za "abwana", za "bambo a pakhomo pano", za mlendo amene wadya mbewu. Mukakwera minibasi ya ku Area 25 nyimbo yotere ikulira, mvetserani mkangano wake. Kondakitala akuti akunena pulezidenti. Mayi wa dengu la tomato akuti ayi, akunena amuna osasamala banja. Mnyamata wa pampando wakumbuyo akuti ndi za abusa. Onse akuseka, onse akhutira, ndipo pofika m'depoti palibe wagwirizana ndi mnzake. Luso limenelo ndimalikonda, sindinama. Vuto lake n'lakuti amene akunenedwayo nayenso amavina nawo, chifukwa nyimboyo yamusiyira khomo lothawira.

Anzathu a ku Zambia amatenga mtsogoleri n'kumusandutsa choseketsa. Mu 2011 nyimbo ya Dandy Krazy, Donchi Kubeba, inkauza ovota chinthu chimodzi chokha: akakupatsani chitenje, ndalama kapena ufa, landirani, koma musawauze komwe mukachonge. Anthu ankangoika chala pamilomo, uthenga wapita. Michael Sata anagonjetsa Rupiah Banda, ndipo chipani cholamula cha MMD chinatuluka m'boma patatha zaka 20. Sindikunena kuti nyimbo ndiyo inavota. Koma inachotsa manyazi ndi mantha kwa munthu wosauka amene ankaganiza kuti akalandira mphatso ndiye kuti wagulidwa. Ife nkhani yomweyo ya zoninkha tinaithamangira ndi lamulo la zipani la 2018, ndipo mukudziwa nokha m'mene likuyendera. Nyimbo ya kampeni imene ambiri timaikumbukira ndi ya 2009, yomwe inkatcha Bingu kuti Mose.

Kuseka nako kuli ndi mtengo wake. Woimba Pilato, dzina lake lenileni Fumba Chama, anamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo yoseka pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu, ndipo kumayambiriro kwa 2018 anathawira ku South Africa ataopsezedwa pa nyimbo ina yokamba za khoswe wolowa mumphika. Khosweyo sanafune womasulira.

Ku Mozambique ndiye kulibe zozungulira. Mwina n'chifukwa choti ufulu wawo anachita kuumenyera ndi mfuti, ndipo aluso awo analowa m'ndende za Apwitikizi kalekale: wojambula Malangatana ndi mlakatuli José Craveirinha onse anatsekeredwapo m'zaka za m'ma 1960. Mu Febuluwale 2008 anthu a ku Maputo atachita ziwawa pokana kukwera kwa mitengo ya maminibasi, woimba Azagaia anatulutsa nyimbo ya Povo no Poder, kunena poyera kuti mphamvu ibwerere kwa anthu. Anamuitanitsa ku ofesi ya mkulu wa milandu ya boma. Sanasinthe. Atamwalira mu Malichi 2023, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi anthu operekeza maliro ake, ndipo pa zionetsero zotsatira chisankho cha 2024 mawu ake omwe aja ndiwo ankamveka m'misewu. Tinene zoona, kumeneko kunafa anthu ambiri, ndipo chipani cholamula cha Frelimo chikadali pampando. Wokuwa samapambana nthawi zonse.

Chomwe ndimasirira kwambiri kwa a Mozambique si nyimbo ayi. Nkhondo yawo itatha mu 1992, ija inatibweretsera othawa kwawo pafupifupi miliyoni, bungwe la mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo ankazidula, aluso n'kuziwotcherera kukhala ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti uli ku British Museum mpaka lero. Apa luso silinangodandaula. Linathandiza kutulutsa zida zobisidwa m'midzi.

Ku Tanzania nkhani yake ndi ya chilolezo. Bungwe la boma loona za luso la BASATA likhoza kuletsa nyimbo kapena kuimitsa woimba, ndipo mu 2017 Nay wa Mitego anagwidwa, kenako n'kumasulidwa pulezidenti wa nthawiyo, Magufuli, atalamula yekha. Ufulu wodalira kuti mfumu yadzuka bwanji.

Tsono pali njira ina yotsekera woimba pakamwa imene maiko onsewa akuidziwa, koma ife taizolowera kuposa ndende: kumupatsa mpando. Du Chisiza Jr, amene masewero ake a Wakhumbata ankadzaza maholo, anakhala nduna m'boma la Kamuzu mu 1993, nthawi yomwe dziko linkakana chipani chimodzi. Lucius Banda, Soja wa amphawi, anakhala phungu ku Balaka, analawa ndende mu 2006, anakangana ndi boma la Bingu, ndipo pomwe amamwalira mu 2024 anali mlangizi wa pulezidenti. Pilato yemwe uja anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu woona za luso m'boma la Hakainde Hichilema. Sindikuwaweruza, ena amalowa ndi mtima wofuna kukonza zinthu ali mkati. Koma khutu la anthu limasintha. Nyimbo yomweyo ikaimbidwa ndi munthu wa galimoto ya boma, omvera amayamba kufunsa kuti watumidwa ndi ndani. Azagaia sanakhalepo pampando wa aliyense, n'chifukwa chake achinyamata anatha kunyamula mawu ake popanda kufunsa funso limenelo.

Musanawanene oimba athu kuti ndi adyera, onani m'mene amadyera. Nyimbo ikatuluka lero, mawa anyamata a mumsika akuiika m'mafoni a anthu, mwini wake osaonapo kanthu. Ndalama za ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso, zimabwera mwa apo ndi apo. Zambia inakhazikitsa National Arts Council mu 1994, pomwe aluso athu analilira bungwe lotere kwa zaka zambirimbiri. Shoo ya ku Lilongwe Golf Club imafuna kulipira malo, zida, achitetezo ndi oimba anzako, mvula ikagwa n'kugona ndi ngongole. Kenako ikafika kampeni, munthu wa chipani amaimba foni, akuti pa Masintha Loweruka, lole ndi zokuzira mawu zilipo kale, theka la ndalama alipiriratu lero lomwe.