2CV mwaisiya kuti, a mtolankhani?

A mtolankhani, mwati Mini ya 1959 ndiyo inayambitsa tigalimoto tokoka ndi matayala akutsogolo. Apo ndiye ayi. Citroën 2CV inatuluka mu 1948 ikukoka kale ndi akutsogolo, injini ya masilinda awiri, 375cc basi, yozizira ndi mphepo, yopanda rediyeta. Anaipangira alimi a ku France, kuti idutse m'munda wolima mazira ali m'dengu osasweka. N'chifukwa chake anaiika masipuling'i ofewa, moti pokhota imapendekeka zedi koma osagubuduka.

Luso la Alec Issigonis, amene anapanga Mini ija, linali kugoneka injini chopingasa, giyabokosi pansi pake, mpaka akuluakulu anayi n'kukwanamo. Pamenepo mutamandeni ndithu.

Inu amene munayendetsapo 2CV, tatiuzani, giya yotulukira pa dashibodi ija inkalowa bwanji?