Tisanagulitse mbuzi kuti tikayezetse nzeru za mwana

Makolo anzanga a kuno ku Chipata, ndi inu a ku Katete, Petauke, Lundazi ndi Chadiza, pali nkhani imene yandikhala pamtima. Masiku ano ambiri akufunsana koyezetsa nzeru za mwana, zija amati IQ test. Wina mwana wake wayamba kuwerenga asanalowe Giledi 1, wina wake akugwetsa masamu a achimwene ake a Giledi 6 iye ali Giledi 3. Ndiye kholo limagwidwa nkhawa kuti mwina likumulakwira mwanayo posamuyezetsa. Ine ndikuti, musagulitse mbuzi kapena matumba a chimanga musanafunse funso limodzi: zotsatira za mayesowo zikabwera, n'chiyani chidzasinthe m'kalasi mwa mwana wanga Lolemba m'mawa?

Mayeso enieni si aja a pa Facebook amene amakuonetsani zithunzi khumi kenako n'kupempha ndalama kuti muone malikisi. Amenewo alekeni. Odziwika kwambiri pa ana ndi otchedwa WISC, a ana a zaka 6 mpaka 16. Amayesa ndi katswiri wa zamaganizo, atakhala pansi ndi mwana mmodzi kwa ola lathunthu kapena kuposa. Nambala ya 100 ndiyo ya pakatikati, ndipo ofika 130 amakhala pafupifupi ana awiri pa 100 alionse. Akatswiri otere ambiri ali ku Lusaka, makilomita oposa 550 kuchoka pano. Werengani nokha: basi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, kogona, chakudya, malipiro a katswiriyo. Mlimi wa mtedza wa ku Chiparamba azitenga kuti? Mapeto ake woyezedwa amakhala mwana wa anthu opeza bwino, ngati kuti nzeru zimatsata thumba la bambo.

Koma ngakhale ndalama zitapezeka, pali china chimene chimandivutitsa kuposa mtengo. Mayesowa anapangidwa ku America, ndipo mwana amamuyerekeza ndi ana a kumeneko kapena a ku Britain. Tsopano taganizirani kamtsikana ka ku Vubwi, kolankhula Chichewa kunyumba, kataphunzitsidwa kuti munthu wamkulu sumuyang'ana m'maso ndipo suyankha mothamanga. Mukakaika m'chipinda ndi mlendo wofunsa m'Chingerezi, wotchi ili m'manja. Chimene chituluke pamenepo ndi Chingerezi chake ndi manyazi ake, nzeru zake zitsala m'mutu.

Izi sindikungoziganiza ayi. Pulofesa Robert Serpell wa ku yunivesite ya Zambia (UNZA), amene anafufuza kwa zaka zambiri m'midzi ya Achewa ku Katete kuno, anasindikiza mu 1979 zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Anauza ana a ku Zambia ndi ana a ku England kuti atengere zithunzi zofanana m'njira zosiyana. Pojambula ndi pensulo papepala, a ku England anapambana. Popinda waya, ana athu anawasiya kutali. Poumba ndi dongo, anafanana. Aliyense amene anaonapo mnyamata wa ku komboni ya Mchini atakhala pamthunzi, akupinda waya ndi mano ndi mwala, n'kutulutsa galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhotetsadi mateyala, sangadabwe. Mwanayo anaona galimoto ikudutsa, anaisunga m'mutu, anayeza utali wa waya aliyense popanda rula. Kuchokera m'maganizo omwewo, akatswiri a ku UNZA anakonza mayeso athuathu otchedwa Panga Munthu Test, pamene mwana amaumba munthu ndi dongo. Ndi makolo angati kuno anamvapo dzina limeneli? Chinthu chopangidwira ana athu, cha dzina la m'chinenero chathu, sichikudziwika kwa eni ake. Zimenezi zimandipweteka.

Mwana wa mchemwali wanga ali Giledi 4. Masamu amene aphunzitsi alemba pabolodi amawatsiriza anzake asanamalize kukopera. Kenako amangokhala, akusolola ulusi wa juzi lake, mpaka ayambe kucheza ndi woyandikana naye. Ku lipoti kunalembedwa kuti ndi waphokoso. Aphunzitsi ake sindiwaimba mlandu. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana abwerera kusukulu ambiri, chimene ndi chinthu chabwino zedi, koma makalasi adzaza mpaka pakhomo ndipo munthu mmodzi sangaone aliyense. Chimene chinathandiza mtsikanayu n'chakuti amayi ake anapita kukakhala pansi ndi aphunzitsi mwaulemu, n'kupempha kuti akamaliza msanga azimupatsa buku la Giledi 5. Phokoso lija linachepa. Panalibe pepala la katswiri, panali kholo ndi mphunzitsi amene anamvana.

Sindikunena kuti kuyezetsa n'kopanda ntchito. Alipo mwana amene akamalankhula mumachita kugwira pakamwa, amakumbukira chilichonse chimene wamva pa wailesi, koma kuwerenga kumamukanika, zilembo amazitembenuza. Alipo wina amene wayamba kudana ndi sukulu, m'mawa uliwonse akuti m'mimba mukupweteka, pamene kunyumba akuphwasula ndi kulumikiza mafoni akufa. Ana otere amatchedwa aulesi kapena amwano, ndipo ena amakwapulidwa popanda chifukwa. Apa ndiye katswiri amafunika, chifukwa amatha kuona pamene mwana ali wamphamvu ndi pamene akupunthwa. Ngati wanu ali chotero, yambani ndi aphunzitsi a guidance ndi ahedi, kenako mukafunse ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira masukulu m'boma lanu, za amene amayang'anira maphunziro apadera. Mukafika poti mulipire, funsiranitu: ayesa m'chinenero chanji, amuyerekeza ndi ana a dziko liti, ndipo kodi alemba malangizo amene mphunzitsi wa kalasi yodzaza angawatsate?

Musaiwalenso kuti pa mayeso a Giledi 7 a ECZ, bungwe loona za mayeso m'Zambia, pali Special Paper 1 ndi Special Paper 2, amene amayesa kaganizidwe ka mwana m'malo mwa zoloweza. Ambiri timangofunsa ngati wasankhidwa ku Chizongwe kapena ku St Monica's, osayang'ana malikisi a mapepala awiriwa. Vuto n'lakuti amabwera mochedwa. M'mera mpoyamba, ndipo mwana amene watopa ndi sukulu ali Giledi 3 mwina sadzafika n'komwe pa mayesowo ali ndi chidwi. N'chifukwa chake makalabu a sayansi a JETS, mabuku obwereka, ndi munthu wamkulu womvetsera mafunso ake zimafunika kale kwambiri.

Chimene ndikufuna kuona ndi ichi. Chigawo chathu cha Kummawa chikhale ndi akatswiri ake oyeza ana, oyendera maboma onse temu iliyonse, oyesa m'Chichewa, m'Chinsenga ndi m'Chitumbuka, popanda kholo kulipira. Aziona ana ovutika kuphunzira pamodzi ndi awa othamanga, chifukwa onse akutayika m'kalasi imodzi. Aphunzitsinso aphunzitsidwe kuzindikira mwana wotere ndi chochita naye. Ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse mu 2022. Tamanga nazo makalasi ndi kugula madesiki, ndipo tikuyamikira. Tsopano pa misonkhano ya makolo kusukulu ndi ya Ward Development Committee, tiyeni tikafunse makhansala ndi aphungu athu kuti pa ndalama zimenezi, kapena pa zina za unduna wa maphunziro, gawo la ana awa lili pati.