Ng'oma ya agogo ili m'galasi, dzina lawo palibe

A mtolankhani, mwalemba kuti vuto lalikulu ndi azungu amene akukana kubweza zinthu zathu zakale. N'zoona ndithu. Chigaza cha munthu wakalekale chomwe chinapezeka ku Kabwe m'dziko la Zambia chili ku London kuyambira 1921, ndipo anzathu a ku Zambia apempha mpaka kutopa. Koma mwaiwala zomwe timachitirana tokhatokha konkuno.

Agogo anga aakazi ankachiritsa anthu ndi vimbuza kwathu ku Ekwendeni. Atamwalira kunabwera anthu ochita kafukufuku, anapatsa amalume kandalama kochepa n'kunyamula ng'oma, mangenjeza ndi litchowa lawo. Patapita zaka ndinakazipeza m'galasi pa chionetsero china. Pakapepala anangolemba kuti "zida za gule wa Atumbuka" basi. Dzina la agogo ayi, mudzi ayi. Chondiwawa kwambiri n'chakuti amalumewo analibe mphamvu yogulitsa zinthuzo. Zinali zodikira yemwe mizimu idzamusankhe, ndipo abale ena sanafunsidwe n'komwe.

Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linalemekeza vimbuza mu 2005, chabwino, koma kwa ife ndi mankhwala. Nanga ng'oma yotsekeredwa ikuchiritsa ndani? Chikopa chake ndinachiona chitayamba kale kung'ambika.

Inu amene mukuti kumudzi zikanadyedwa ndi chiswe, mwina mukunena zoona, nyumba ya agogoyo inali yaudzu. Koma bwanji osatifunsa kaye, n'kulembako dzina la mwiniwake? Ana anga pano ku Chibavi akukula osadziwa kuti ng'omayo ndi ya kwawo, ndipo kuti akaione ndiyenera kuwalipirira pakhomo ngati alendo.