Musafulumire kunena kuti ndime ya Qur'an inafafanizidwa

Alembi, mwalemba kuti ndime 9:5 ya Qur'an (sura 9, ndime 5), yonena za kumenyana ndi opembedza mafano, inafafaniza ndime zoposa 100 zonena za mtendere. Alipo akale amene ananenadi zimenezo, koma mwasiya zofunika. Nasikh, kapena kuti kufafanizidwa kwa ndime ndi ndime ina, yomwe maziko ake ndi 2:106 ndi 16:101, ili ndi malire. Imakhudza malamulo okha, osati chikhulupiriro kapena mbiri za aneneri. Pafunikanso umboni wosonyeza ndime imene inatsika pambuyo, ndipo ziwirizo zikhale zosatheka kuzigwirizanitsa. Ndime ikangopatula anthu ena pa lamulo la onse, imeneyo ndi takhsis, si kufafaniza ayi. Akale ankaphatikiza zonsezi pa dzina limodzi, n'chifukwa chake chiwerengero cha ndime zofafanizidwa chinakwera. Katswiri wa Chisilamu Al-Suyuti, amene anamwalira mu 1505, anazitsitsa kufika pafupifupi 20, katswiri wina Shah Wali Allah anasiya 5 zokha.

Kuno ku Nchalo ndi ku Bangula nkhaniyi imatikhudza pa maliro, abale akamafunsa ashehe za eda, nthawi yodikira ya mayi wamasiye asanakwatiwenso. Ndime 2:240 ikutchula chaka, pomwe 2:234 ikuti miyezi inayi ndi masiku khumi. Wowerenga motsata masamba angaganize kuti 240 ndiyo yomaliza, koma Qur'an sinasanjidwe motsata nthawi yotsikira. Maulama (akatswiri a Chisilamu) ambiri amati 234 ndiyo ikugwira ntchito. Ena amati palibe chafafanizidwa: 234 ndi nthawi yodikira, 240 ndi ufulu wa mayiyo wokhala m'nyumba ya malemu chaka chonse osathamangitsidwa. Kumasulira kumeneku ndimakuona kwamphamvu, makamaka kuno kumene amasiye amalandidwa nyumba maliro asanazizire.