Ngati simunayese reboot, ntchito ya container simunamalize

Lero ndakwiya, ndipo sindibisa. Shopu ina ya zida za galimoto ku Graniteside yakhala theka la tsiku osalemba invoice ngakhale imodzi. Magetsi anazima usiku, UPS inatha mphamvu, m'mawa seva inayaka bwinobwino. `lxc list` ikuonetsa ma container onse (timakina timene timayenda patokha m'kati mwa seva) ali RUNNING, koma kompyuta za pa kauntala sizikufika pa pulogalamu yogulitsira katundu. Vuto lake? Amene anaika zimenezi analemba pamanja mizere iwiri ya `iptables -t nat` yolozera makompyutawo ku container, anaona kuti zikuyenda, analandira madola ake n'kumapita. Magetsi atazima, mizereyo inapita nawo limodzi.

Anzanga a IT kuno ku Harare, tamverani. Chilichonse chimene mwalemba pa terminal osachisunga mu fayilo kapena mu config chimangokhala mu memory. Kuti chikugwira ntchito lero masana sizitanthauza kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Mzinda uno magetsi amathima, aliyense amadziwa, ndiye munthu ungapereke bwanji seva kwa kasitomala usanaizimitse n'kuiyatsanso ndi dzanja lako? Kaya ndi changu, kaya ndi kukopera malamulo pa intaneti osawamvetsa, zimenezo sizindikhudza. Ntchitoyo siinathe.

Chowawa n'chakuti LXD, pulogalamu imene imayendetsa ma container amenewa, ili kale ndi njira yake yosungira zonsezi. Port 80 ya seva kuti ifike mu container yotchedwa web1 sipafunika iptables n'komwe:

`lxc config device add web1 http proxy listen=tcp:0.0.0.0:80 connect=tcp:127.0.0.1:80`

Mzere umodzi, umalowa mu database ya LXD, ndipo umadzuka limodzi ndi container nthawi zonse. Dziwani chabe kuti mukatero, log ya nginx, web server ya mu container, izionetsa ngati alendo onse akuchokera pa 127.0.0.1. Mukafuna kuona IP yeniyeni ya mlendo, onjezerani `nat=true`, koma pamenepo container iyenera kukhala ndi IP yokhazikika, ndipo pa listen mulembe adiresi yeniyeni ya seva m'malo mwa 0.0.0.0, pa connect mulembe IP ya container m'malo mwa 127.0.0.1.

IP yokhazikikayo ndi nkhani inanso imene anthu amailumpha. `lxd init` imapanga lxdbr0, bridge imene imalumikiza ma container ndi seva, imasankha yokha subnet ya 10 wakutiwakuti, ndipo pulogalamu ya dnsmasq ndi amene amagawa maadiresi. Nthawi zambiri amabwezera container adiresi yomwe ija, koma sanalonjeze munthu. Inu n'kulemba adiresiyo mu config ya pulogalamu kuti ndi kumene kuli database, kenako tsiku lina yasintha, mukuyamba kunamizira kasitomala kuti wagwira seva. Ikhomeni nokha, tinene kuti container ya database ndi db1:

`lxc network set lxdbr0 ipv4.address 10.20.0.1/24`
`lxc config device override db1 eth0 ipv4.address=10.20.0.10`
`lxc restart db1`

Kenako `lxc config set db1 boot.autostart true`, ndipo muipatse `boot.autostart.priority` yokwera kuposa ya web1 kuti database iyambe kudzuka. M'kati mwa container momwemonso, ngati munangolemba `systemctl start` osalemba `systemctl enable`, mwasiya msampha womwewo. Amene munasamukira ku Incus, imene inapatuka kuchoka ku LXD mu 2023, mungochotsa `lxc` n'kuika `incus`, bridge yanu ndi incusbr0. A LXC yakale ija, yanu ndi `lxc.start.auto = 1` mu fayilo ya config ya container.

Ena amafuna kuti container ilandire adiresi kuchokera ku router ya mu ofesi ngati kompyuta ina iliyonse. Palibe cholakwika. Koma bridge yopangidwa ndi `ip link add br0 type bridge` siiona m'mawa wotsatira. Seva ikayakanso br0 kulibe, ndipo container imakaniratu kudzuka chifukwa parent yake, br0 ija, yasowa. Pa Ubuntu, bridge ilembeni mu /etc/netplan, pa Debian mu /etc/network/interfaces. Ngati mukuchita NAT yanuyanu, `sysctl -w net.ipv4.ip_forward=1` nayo imafa pa reboot, malo ake ndi mu /etc/sysctl.d. Malamulo a firewall asungeni mu /etc/nftables.conf kapena ndi `netfilter-persistent save`. Ndipo chonde musayese bridge pa Wi-Fi, access point imakana mapaketi a MAC yachilendo. Seva ilumikizeni ndi chingwe. Macvlan, njira ina yopatsira container adiresi ya ku router, ndi yofulumira kuika, koma seva yeniyeniyo siitha kulankhula ndi container yake, ndiye musadzadabwe script ya backup ikalephera.

Kulinso Docker. Mukaiika pa seva yomweyo, imatembenuza policy ya FORWARD kukhala DROP, ma container a LXD n'kutaya intaneti. Munthu amalemba `iptables -I DOCKER-USER -i lxdbr0 -j ACCEPT` ndi `iptables -I DOCKER-USER -o lxdbr0 -m conntrack --ctstate RELATED,ESTABLISHED -j ACCEPT`, zayenda, wanyamula laputopu. Reboot yotsatira, vuto labwerera momwe linalili. Ndi matenda omwewa, angosintha dzina. A firewall ya ufw, zanu ndi `ufw allow in on lxdbr0` ndi `ufw route allow in on lxdbr0`, ndipo ubwino wake izi zimasungika zokha.

Ndiye mayeso ake ndi otani kuti anthu aziwathawa chonchi? `sudo reboot`, kudikira mphindi zochepa, manja m'thumba, osagwira kalikonse. Kenako `lxc list`. Kenako `lxc exec web1 -- ping -c 3 1.1.1.1` kuti muone ngati njira yotulukira ilipo, ndi `lxc exec web1 -- getent hosts debian.org` kuti muone DNS, chifukwa ziwirizi zimafa mosiyana. Pomaliza dzukani pampando, pitani pa kompyuta ya pa kauntala, mutsegule pulogalamuyo muli pamenepo. Kuyesera pa seva yomweyo ndi kudzinamiza. Muloweko ndi mu BIOS, muike kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera, apo ayi zonse mwakonzazi zidikira munthu woti adine batani. Mphindi khumi sizikwana n'komwe. Simunachite zimenezi, musatumize invoice. Simunamalize, achimwene, simunamalize!

Ndipo nkhani ya kuchoka ndi password ya root m'mutu mwanu ithe. Mwini shopu walipira seva, walipira ntchito, koma alibe ngakhale pepala limodzi lolemba kuti container iyi ndi ya chiyani, IP yake ndi iti, port yanji ikupita kuti. Zinthu zikafa, foni yanu yazima, WhatsApp tick imodzi. Wobwera pambuyo panu azikafukula mu bash history ngati wapolisi? Seva ndi ya eni ake, apatseni makiyi awo.