Katswiri wa masabata awiri

Tonse tili naye mnzathu woti gitala wagula dzana, lero wasanduka kale B.B. King, katswiri uja wa gitala ya nyimbo za blues wa ku America.

Ine: Aise, ndani akuponda mphaka m'nyumba muno?

Iye: Ndi bending imeneyo man, zimenezi iwe sungazimve.

Ine: Bending si kungokankha waya basi, pali note yoti ukafikepo. Waya wachitatu uwo, liza kaye pa fret 9 (ma fret ndi timizere tachitsulo ta pakhosi la gitala tija) umve bwinobwino, kenako bwerera pa 7 ukankhe mpaka mawu ake afanane ndi aja.

Iye: Blues sitiwerengera manambala ife. Imachokera mumtima.

Ine: Ndiye mtima wakowo ukulekezera pa 8.

Iye: Ndi dala.

Ine: Nanga chala chimodzi bwanji? Ika chala cha mphete pa waya, ziwiri zinazo kumbuyo kwake zizithandizira, chachikulu chikoleke pamwamba pa khosi la gitala, ndiye uzipotoza dzanja ngati ukutsegula chitseko ndi kiyi, mphamvu imachokera pamenepo osati ku chala.

Iye: Zala zitatu ndi za anthu ofooka.

(Chalacho mutachiona abale, waya walemba mzere ngati anachicheka ndi lezala, thuza pambali, koma munthu akumwetulira.)

Ine: Mawaya ake ndi saizi yanji amenewa?

Iye: 13.

Ine: 13?? Pa acoustic? Ongoyamba kumene amaphunzirira pa 9 kapena 10, ofewa.

Iye: Stevie Ray Vaughan ankaimba ndi 13.

Ine: Eya koma ankatsitsa tuning ya gitala yonse ndi half step mawaya nkufewako, komanso anayamba ali mwana zala zinachita kukhwima. Iwe wayamba liti?

Iye: Masabata awiri. Koma mavidiyo ndimaonera daily.

Tsopano wasamukira pa waya woyamba, kowonda kwambiri kaja, akukakokera pansi, kangoti pwatu kutuluka m'mphepete mwa gitala.

Ine: Kameneko umakankhira m'mwamba, kudenga. Pansipo malo palibe. Okokera pansi ndi mawaya akuluakulu apamwambawa.

Iye: Albert King ankakokera pansi.

Ine: Albert King anali wamanzere, gitala ankaigwira chozondotsa, waya wowondayo amakhala pamwamba!

Iye: Ohoo.

(Wazondotsa gitala.)

Ine: Iwe si wamanzere.

Iye: Ukudziwa bwanji? Mwina anangondikakamiza ndili mwana.

Ine: Chabwino tenga tuner iyi, kachipangizo koyezera note, kankha tione ngati ukufika.

Iye: ... Ikuonetsa zofiira.

Ine: Ndiye kuti sunafike.

Iye: Batire latha.

Ine: Ndaika latsopano m'mawa.

Iye: Ndiye ndi ya feki. Dikira ndikuonetse, ndikankha ma fret anayi pakamodzi.

Ine: Awiri akukukanika ndiye...

THWA! Waya uja wadukira pa mlatho wa gitala, pomangira mawaya paja, kudutsa pafupi ndi diso langa.

Iye: Wamva?? Usananene chilichonse, wamva pamene ndinafika asanaduke?

Ine: Ndamva kuduka.

Iye: Note imeneyo B.B. King sanaifikepo moyo wake wonse.

Ine: Chifukwa mawaya ake ankawafuna.

Iye: Nsanje basi. Tandibwereke gitala yako ija yamagetsi ndimalizitse.

Ine: Ili ndi ma 9, za anthu ofooka.

Iye: Usadandaule ndichotsamo, ndili ndi 13 ena asanu atsala apawa.